Yaretzi ndi Chigoba cha Nsanje

Chimene chinkamuwawa Casilda Orozco atabwerera kwathu ku Santa Inés sichinali fumbi, kapena madzi a pampopi amene amatuluka tsiku limene afuna okha. Chinali dzina limodzi limene linkakhala nawo patebulo madzulo aliwonse popanda woliitana.

"Maestra Hermelinda akuti mawu azichokera m'mimba, osati pakhosi," ankatero mwana wake Yaretzi, wa zaka khumi ndi zisanu, ponena za mphunzitsi wake. "Maestra Hermelinda akutinso munthu ukamaopa, uziyang'ana phiri lakuseri kwa sukulu."

"Maestra Hermelinda sanakuuze kuti nyemba zimazizira?" ankayankha mayi ake.

Casilda anakhala ku Chicago zaka zoposa makumi awiri. Ankasita nsalu za pabedi mu hotela, ankawerenga mabuku m'basi mpaka kupitirira potsikira, ndipo Lamlungu ankachita zisudzo m'holo ya tchalitchi ndi anzake ochokera kuno. Hermelinda Paz ankamudziwa bwino. Ali ana ankakhala desiki imodzi, ndipo Hermelinda akauzidwa kuti awerenge mokweza ankalira, Casilda n'kumamunong'oneza mawu. Lero wolira uja ndiye anali mphunzitsi wa zisudzo pasukulu ya sekondale. Akamadutsa pamsika abambo ankamuvulira zipewa. Casilda akamadutsa, anthu ankafunsana kuti, "Kodi ameneyu si uja wa kumpoto?"

Ife amene tinachokapo timanyamula tauni yathu m'mutu ngati chithunzi cha m'chikwama, ndiye tikabwera timakwiyira anthu kuti anasuntha. Pamene pankaphikidwa buledi pano akugulitsapo mafoni. Amene tinawasiya kumbuyo sanatidikire. Anakula, ena mpaka kukhala anthu olemekezeka, osatipempha n'komwe chilolezo.

Disembala atayandikira, kalasi ya Yaretzi inayamba kukonzekera pastorela, sewero la Khirisimasi limene aliyense wa ife analichitapo ali mwana. Abusa amapita ku Betelehemu, ziwanda n'kumawatsekera njira, kenako mngelo n'kuzithamangitsa. Chiwanda chilichonse chimatenga dzina la tchimo, chimavala chigoba chosema chamtengo, ndipo chimalowa pakati pa oonerera kukanyoza anthu mowatchula maina. Wonyozedwa saloledwa kukwiya. Amachipatsa nachesi kapena kachidutswa ka nzimbe kuti chimusiye.

"Andipatsa Nsanje!" anatero Yaretzi tsiku lina, chikwama chisanafike n'komwe pansi.

"Uli ndi mawu ochuluka bwanji?"

"Ochepa. Ena ndizipeka ndekha. Mnzanga Citlali wapatsidwa Ulesi, ndiye tizilowera limodzi."

Casilda anayang'ana pepalalo. Mawu a mwana wake ankakwana pachikhatho. Yaretzi anabadwira kumpoto, ndipo Chisipanishi chake chinkatuluka chopindika, ngati cha munthu amene wavumata mwala. Casilda sanavutike kupeza tanthauzo: Hermelinda akumubisa mwana kuseri kwa chimtengo chifukwa akuchita naye manyazi, ndipo mwinanso akubwezera za desiki ija.

M'mawa mwake anapita kukametetsa kwa comadre wake Chayo, mnzake wa ngati m'bale, amene ali ndi saluni pafupi ndi tchalitchi. Kumeneko nkhani zimadulidwa msanga kuposa tsitsi.

"Mwana wokongola chonchi amuveke nyanga?" anatero Chayo, lumo lili m'mwamba. "Comadre, inu mwaona dziko. Mukalola zimenezi mwalola zonse. Wanga Uriel, mnyamata wamtali ngati chitseko, amupatsa kukhala nkhosa. Nkhosa! Mawu ake onse ndi mee."

"Koma wosankha sewero ndi mphunzitsi."

"Ndani ananena? Komiti ya makolo ilipo ya chiyani? Si inu muli ndi zokuzira mawu zija munabwera nazo, zimene mphunzitsi wamkulu Don Fidencio amazilota usana? Mwini ng'oma ndiye amasankha nyimbo."

Pamsonkhano wa makolo, Casilda anafika ndi buku lokhuthala, lodetsedwa ndi zala zake zomwe. Anasankhamo sewero la anthu awiri: mkazi wamasiye amene walira mwamuna wake zaka zambiri, ndi msilikali amene wabwera kudzamufunsira. Linali sewero labwino, zimenezo tisanamize. Iye mwini analichita ku Chicago, anthu n'kulira. Anawerengako ndime imodzi, ndipo m'chipindamo munangoti zii. Kenako ananena, ngati waiwala chabe, kuti zokuzira mawu zake akhoza kuzipereka kusukulu. Don Fidencio, mphunzitsi wamkulu, anakonza tayi yake.

Hermelinda anadikira kuti onse amalize, n'kuimirira.

"Doña Casilda awerenga bwino, monga ankachitira kale," anatero. "Koma sewero la ana lili ngati nsapato. Sitigula chifukwa yakongola pawindo, timayesa kuphazi. Ine ndisanasankhe ndimayamba ndawerenga mitu. M'kalasi muno muli ana makumi awiri ndi asanu ndi mmodzi. Seweroli lili ndi malo awiri. Enawo azikatani?"

"Azikaphunzira poonerera," anatero Chayo.

"Ndimafunsanso ngati anawo akumvetsa zimene akulankhula. Mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu waikapo mwamuna m'manda? Mawu akhoza kuwaloweza, koma adzawanyamula ngati katundu wa eni. Ndimayang'ananso malo. Ife tilibe holo. Tili ndi bwalo, makanda olira, agalu, ndi agogo amene amafuna kupita kunyumba dzuwa lisanalowe. Sewero lathu lizitha anthu asanatope. Ndipo chachikulu, ndimawafunsa anawo. Kodi alipo pano amene wamufunsa mwana wake?"

"Ana sadziwa chimene chili chabwino kwa iwo," anatero Casilda. "Ndipo munthu amene sanaonepo nsanja yeniyeni ya zisudzo angadziwe bwanji zimene ana angakwanitse? Chaka ndi chaka nkhosa ndi nyanga, nkhosa ndi nyanga. Kunja kuli dziko, Maestra."

Mawu akuti Maestra anawatchula ngati akulavula njere ya lalanje. Makolo ambiri anayang'ana pansi. Ena ankaopa kuoneka otsalira pamaso pa munthu wa kumpoto, ena ankaganiza za zokuzira mawu. Manja atakwezedwa, Casilda anapambana.

"Chabwino," anatero Hermelinda akusonkhanitsa mapepala ake. "Ndiwaphunzitsa ndi mtima wonse. Koma amene akawauze anawo mawa ndinu, Don Fidencio."

Malo a mkazi wamasiye anapatsidwa Yaretzi, a msilikali anapita kwa Uriel. Ena onse anauzidwa kuti adzanyamula mipando ndi kukongoletsa bwalo. Zigoba zimene anali atayamba kuzipaka utoto zinabwezedwa mukabati.

Casilda sankadziwa chinthu chimodzi, chifukwa sanafunse. Miyezi yonse yoyambirira Yaretzi ankadya yekha pamasitepe a laibulale. Anayamba kudya ndi anzake pamene kuyeserera pastorela kunayamba. Tsopano anabwereranso pamasitepe paja. Citlali, amene ankamugawira mango othira tsabola, anamudutsa osamuyang'ana.

"Pepani, mayi wamasiye," anatero mnyamata wina akuwerama. "Tingakupukutireni mpando? Ndiyo ntchito yathu masiku ano."

Kunyumba Casilda ankamuimika mwanayo pakati pa chipinda n'kumamukonza liwu ndi liwu. "Osati choncho. Lilime ligunde mano. Bwereza." Dzina la Hermelinda linasiya kubwera patebulo, ndipo Casilda anaona ngati wapambana kachiwiri. Sanazindikire kuti patebulopo panalibenso mawu ena aliwonse.

Tsiku loyeserera pabwalo linafika, ana onse a m'kalasi atakhala pansi. Zokuzira mawu zinagwira ntchito yake mokhulupirika. Zinatenga lilime lopindika la Yaretzi, ndi kunjenjemera kwake konse, n'kuzifikitsa mpaka kumsika. Atafika pa mawu aatali olira mwamuna wake, anakodwa, n'kubwereza, n'kukodwanso. Uriel anagwada kuti amufunsire, koma atangoti "Mtima wanga" wina kumbuyo anati "Mee!" Bwalo lonse linaphulika. Uriel nayenso anagwa chagada ndi phwete. Hermelinda anawomba m'manja kuti akhale chete, koma Yaretzi anali atatuluka kale pageti, shawelo yakuda ya umasiye ili pansi.

Mawa lake Yaretzi anati m'mimba mukumupweteka. Mkuja wake chimodzimodzi. Uriel anauza mayi ake kuti bola kukhala nkhosa, ndipo Chayo anayamba kuuza makasitomala kuti iye ankadziwa kale kuti zinthu za kumpoto sizimera kuno.

Loweruka masana Casilda akuchokera kumsika anamva mwana wake akulankhula pafoni m'Chingelezi, chitseko chili chotseka pang'ono. Ankalankhula ndi azakhali ake a ku Chicago. Ankawapempha kuti akakhale nawo. Ankati adzagona pampando, adzatsuka mbale, adzalera ana, chilichonse, bola achoke.

Casilda anaima ndi dengu m'manja. Anabwerera kuno kuti mwanayu akhale ndi kwawo, malo amene anthu amadziwa dzina la agogo ako. Anatsegula chitseko.

"Mwana wanga, anthu oseka amatopa. Ukadzaimirira tsiku lenilenilo…"

"Sindidzaimirira, Amayi. Inu mumafuna sewero lija, kachiteni nokha. Ine ndinali ndi anzanga."

Lolemba pa nthawi yopuma Casilda anamupeza Hermelinda yekha m'kalasi, akudya nthochi pamwamba pa makope.

"Wakondwa?" anatero Casilda, ulemu wonse atausiya pakhomo. "Unawatuma ana aja kuti amuseke."

"Khala pansi, Casilda. Ukaimirira umaoneka ngati ukuchita sewero."

"Unamubisa kuseri kwa chigoba kuyambira pachiyambi. Unkachita manyazi ndi kalankhulidwe kake."

Hermelinda anapukuta manja, n'kutsegula kabati. Anatulutsa chigoba chobiriwira, cha maso otuluka ndi lilime lalitali, chopakidwa utoto mbali imodzi yokha.

"Ine sindinamupatse ichi. Ndinayala zigoba zonse pansi, n'kuwauza kuti aliyense atole. Mwana wako anathamangira ichi. Ndinamufunsa ngati sakufuna kukhala mngelo, poti mngelo ali ndi mawu ambiri. Ukudziwa anati chiyani? Anati, 'Ndikavala ichi, lilime langa si langa, ndi la chiwanda.' Ndiye anachivala, n'kutenga sutikesi yakale, n'kuyamba kuzungulira m'kalasi muno ngati chiwanda chongofika kumene kuchokera kumpoto. Chilichonse chimene waona, 'Ku Chicago n'chachikulu kuposa ichi.' Ana analira ndi kuseka. Ankaseka naye, Casilda. Pabwalo paja ankaseka iye. Ndi lilime lomwelo."

Casilda anayang'ana chigobacho. Chinkamuyang'ananso.

"Sutikesi," anatero pang'onopang'ono. "Ndiye kuti ankanditsanzira ine."

"Ochita zisudzo abwino amaba kunyumba."

"Mwana wanga amakutchula madzulo aliwonse. Iwe, amene unkalira pa desiki."

"Ndipo ukuganiza kuti ine ndinkatani ukatumiza zithunzi zako utaima pa chipale chofewa, utavala chikhoti chofiira? Ndinkaziika pansi pa matiresi kuti ndisazione. Ine ndinkakuchitira nsanje kuti unapita. Iwe ukundichitira nsanje kuti ndinatsala. Zimenezo ndi zathu, tikhoza kufa nazo. Koma mwana walakwa chiyani kuti azisenze pamaso pa tauni yonse?"

Belu linalira. Casilda anafunsa, mawu ali pansi, ngati nthawi yobwezera pastorela ikadalipo.

"Yatsala yochepa. Sewero tilidula ziwalo zina. Koma sindingabweze ndekha zimene komiti inagamula, ndipo ana aja sangandikhulupirire. Amene anawalanda ndi akuluakulu. Wamkulu ndiye awabwezere."

Casilda anayamba wapita kwa Don Fidencio, amene anavomera msangamsanga atangomva kuti zokuzira mawu sizichoka. Kenako anaima kutsogolo kwa kalasi.

"Ndinasankha sewero limene ndimalikonda ine," anatero. "Sindinakufunseni. Yaretzi sanapemphe malo aja, ndipo sindinamufunsenso. Ngati mukufuna pastorela yanu, ndi yanu."

Ana anayang'anizana. Citlali anakweza dzanja mwaulesi, ngati akuyeserera kale.

"Doña Casilda, ndiye ku Chicago anthu amapepesa chonchi, kapena kumeneko n'kwakukulu kuposa uku?"

Kalasi inaseka. Casilda anayankha kuti kumeneko sapepesa n'komwe.

Madzulo a tsikulo kunamveka kugogoda pakhomo. Anali Citlali, chigoba chobiriwira chili m'manja.

"Iwe Chicago, tuluka!" anakuwa. "Ulesi wayenda mtunda wonsewu, ukuganiza n'zophweka? Ubwere udzamalize kupaka chinthu chako, chikutiopseza mukabati."

Chitseko cha kuchipinda chinatenga nthawi, koma chinatseguka.

Pastorela inachitika Lachisanu masana, bwalo litadzaza mpaka ena kukwera pampanda. Poti nthawi yoyeserera inachepa, mngelo anaiwala mawu ake n'kungomenya ziwanda ndi lupanga lamatabwa mosalankhula. Mbusa mmodzi anapita ku Betelehemu njira yolakwika. Uriel analira mee mwaluso kwambiri moti agogo ake anaimirira n'kuuza aliyense kuti ameneyo ndi mdzukulu wawo. Panalibe mwana amene analibe womuombera m'manja.

Kenako ziwanda zinalowa pakati pa anthu. Ulesi anagona pamiyendo ya Don Fidencio n'kuyamba kuliza mkonono. Nsanje inabwera ikukoka sutikesi, ikununkhiza mzere ndi mzere. Inaima pa Chayo.

"Doña Chayo! Mumadula tsitsi, mumadula nkhani, mumadula maubale. Lumo limodzi lomweli? Ku Chicago alibe lotere!"

Chayo anaponya nachesi msanga, nkhope itafiira ngati utoto wa musaluni mwake. Nsanje inapitiriza kununkhiza, mpaka inafika pamzere wachitatu, pamene panakhala Casilda. Inaika sutikesi pansi, n'kutambasula manja.

"Aaa! Koma awa ndi anzanga akalekale! Tinakwera basi imodzi kuchokera kumpoto, iwo pampando, ine m'chikwama. Timadya limodzi madzulo aliwonse. Akangomva dzina la Maestra, amandithirira nyemba zina!"

Bwalo linagwedezeka. Anthu amene kwa miyezi ankamutcha uja wa kumpoto anatembenuka onse, akukuwa kuti, "Casilda! Lipira, Casilda!" Aka kanali koyamba kumva dzina lake likutuluka m'kamwa mwa tauni yonse chibwerereni. Ziwanda za kwathu sizinyoza mlendo.

Casilda anapisa m'chikwama, n'kutulutsa kachidutswa ka nzimbe. Kuseri kwa mabowo a chigoba anaona maso a mwana wake akudikira, akuopa pang'ono.

"Tenga," anatero Casilda mokweza, mawu akuchokera m'mimba. "Ndipo usamuke kunyumba kwanga. Lendi sulipira."

Sewero litatha, Casilda anaima pambali atanyamula juzi ya mwana wake. Hermelinda anabwera kudzaima naye. Yaretzi anavula chigoba, tsitsi litanyowa ndi thukuta, n'kuyang'ana uku ndi uku. Mtima wa Casilda unaluma kale, kudikira kuona kuti athamangira kwa ndani. Mtsikanayo anathamanga, n'kuwadutsa onse awiri, n'kukadumphira pamsana pa Citlali.

"Waona?" anatero Hermelinda. "Sanabwere kwa ine."

"Ndaona. Ndipo ndakondwa kuti sanabwere kwa iwe."

"Sunachire ndithu."

"Pang'onopang'ono, Maestra."

Za kwa azakhali a ku Chicago sizinatchulidwenso. Madzulo amenewo patebulo panabwera mlendo watsopano wosaitanidwa.

"Citlali akuti chaka chamawa tidzalemba sewero lathulathu," anatero Yaretzi. "Citlali akutinso…"

Casilda anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Anamuthirira nyemba zina.

Phunziro: Sewero la kusukulu ndi la ana, si malo oti akuluakulu azikamalizira mikangano yawo kapena maloto amene anawasiya panjira. Posankha, werengani anawo kuti aliyense akhale ndi chochita, sankhani nkhani imene akuimvetsa pa msinkhu wawo, yaifupi, yokwana pamalo amene muli nawo, ndipo afunseni iwo eni musanakweze manja. Kholo likamva kuwawa poona mwana wake akukonda mphunzitsi kapena anzake, lidzifunse kuti likumenyera ndani. Nsanje ya wamkulu ikasankha sewero, amene amaimirira yekha pabwalo ndi mwana.